Mmene nthambi ya za maso pa yunivesite imachizira, kuphunzitsira ndi kufufuzira pa malo amodzi

Munthu amene waperekeza agogo ake ku chipatala cha maso cha Lions Sight First, chomwe chili mkati mwa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chija ambiri amangochitcha kuti Gulupu, kawirikawiri amabwerera kwawo ali ndi mafunso amene sanapeze mpata wowafunsa. Amadabwa kuti diso limodzi lomwelo lasuzumiridwa ndi anthu atatu kapena anayi motsatizana. Amaona achinyamata ovala zoyera ataima kumbuyo kwa dokotala ndi timabuku m'manja, ndipo nthawi zina amapatsidwa pepala lofunsa ngati wodwala wake angalole kulowa m'kafukufuku. Ena amafika poganiza kuti akuphunziriridwa ntchito popanda wowayang'anira. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, pakuti diso ndi chiwalo chimene munthu sangachipereke m'manja mwa wina mwachisawawa, choncho ndi bwino kufotokoza zimene zimachitika pa malo oterewa.

Mafuwa atatu

Chipatala cha Gulupu ndi chipatala chophunzitsira cha yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba kugwira ntchito mu 2021 pamene College of Medicine, yomwe inatsegulidwa mu 1991, inaphatikizana ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing. Gawo la za maso la yunivesiteyi lilibe odwala akeake osiyana ndi a boma. Odwala amene ali pa mzere ndi omwewo amene ophunzira amaphunzirapo, ndipo mavuto amene amaoneka m'maso mwawo ndiwo amabala mafunso a kafukufuku.

Ntchito ya nthambi yotere tingaiyerekeze ndi mphika wokhala pa mafuwa atatu, omwe ndi kuchiza, kuphunzitsa ndi kufufuza. Dokotala mmodzi yemweyo amaona odwala m'mawa, amaima pambali pa wophunzira m'chipinda cha opaleshoni masana, ndipo madzulo amakhala akuwerenga zolemba za wophunzira wina kapena kulemba zotsatira za kafukufuku wake. Kukwera pa udindo, kuchoka pa mphunzitsi wamba mpaka kufika pa upulofesa, kumadalira kwambiri zimene munthu wafufuza ndi kusindikiza m'magazini a akatswiri, monga Malawi Medical Journal, kumene nkhani siituluka mpaka akatswiri ena ataiwerenga ndi kuifunafuna zolakwika.

Amene timawatcha "adokotala a maso" si amodzi

Chisokonezo china chimabwera chifukwa aliyense wovala zoyera timamutcha adokotala. Katswiri amene m'Chingerezi amatchedwa ophthalmologist ndi dokotala wa thupi lonse amene anawonjezera maphunziro a matenda ndi opaleshoni ya maso. Optometrist ndi katswiri woyeza kaonedwe ka maso, wolemba mphamvu ya magalasi ndiponso wozindikira matenda ofunika kutumizidwa kwa dokotala; maphunziro amenewa anayamba ku Mzuzu University mu 2008. Palinso ma clinical officer a maso, omwe amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo iwowa ndiwo amasenza ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma. Maphunziro awo ali ndi mbiri yaitali, pakuti kuyambira zaka za m'ma 1980 ku Lilongwe kunkabwera ophunzira ochokera m'maiko ena a kuno kummwera kwa Africa, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri pa ntchitoyi ndi la malemu Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa maso, amene pambuyo pake anakhala nduna ya zaumoyo.

Kuchepa kwa akatswiri ndiko kumapangitsa kuti magulu onsewa azidalirana. Muyezo umene mabungwe a zaumoyo anaika ku Africa ndi wa akatswiri anayi a maso pa anthu miliyoni imodzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni m'Malawi, kutanthauza kuti ngakhale pa nthawi imeneyo dziko linkafunika akatswiri okwana 70, chiwerengero chomwe lidakali kutali nacho.

Njira imene katswiri amadutsa

Wofuna kukhala katswiri wa maso amayamba ndi zaka zisanu za maphunziro a udokotala, kenaka amagwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18 m'nthambi zosiyanasiyana za chipatala asanalembedwe mokwanira ndi bungwe la Medical Council of Malawi. Pambuyo pake ndi pamene angapemphe malo pa digiri ya ukatswiri yotchedwa MMed, imene imatenga zaka zinayi. Choncho wachinyamata amene akukuyezani diso n'kunena kuti ndi wophunzira akhoza kukhala dokotala wokwana kale, amene wachizapo odwala mazanamazana, koma tsopano akuzama pa chiwalo chimodzi. Kuwonjezera pa mayeso a yunivesite, palinso koleji ya akatswiri a maso ya maiko a kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa, yotchedwa COECSA, imene inakhazikitsidwa mu 2012 kuti muyezo wa maphunziro ukhale wofanana m'maiko amenewa.

Chaka choyamba chimathera kwambiri pa kuphunzira kuona. Wophunzira amazolowera makina otchedwa slit lamp, aja wodwala amaikapo chibwano ndi mphumi, omwe ndi maikulosikopu yokhala ndi kuwala kopyapyala ngati lumo, kodula mdima wa m'diso kuti zigawo zake zioneke chimodzichimodzi. Amaphunziranso kugwiritsa ntchito ophthalmoscope, chipangizo chounikira kumbuyo kwa diso chimene wasayansi wa ku Germany Hermann von Helmholtz anachilengeza mu 1851. Asanayang'ane kumbuyoko amadonthezera mankhwala otambasula mwana wa diso, ndipo n'chifukwa chake wodwala amaona mwachimbuuzi ndi kuthobwa ndi dzuwa kwa maola angapo akatuluka. Wophunzira akaona chinthu amayenera kuchifotokoza kwa wamkulu wake, ndipo wamkuluyo amayang'ananso yekha kuti atsimikize. Apa ndi pamene pamachokera anthu atatu kapena anayi aja osuzumira diso limodzi.

Pa nthawi yomweyo amaphunzira chilankhulo cha manambala chimene chimalembedwa m'buku la kuchipatala. Pakalembedwa 6/60, ndiye kuti munthu akuona pa mtunda wa mamita 6 chilembo chimene diso labwino limachiona pa mamita 60. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu ndi wosaona ngati diso lake labwino kwambiri silikufika pa 3/60. Amene sadziwa kuwerenga amayezedwa ndi chilembo cha E chotembenuzidwa mbali zosiyanasiyana, ndipo amangoloza ndi zala kumene miyendo yake yapenya.

Kuphunzira opaleshoni ya ng'ala

Mtima wa maphunziro onsewa ndi ng'ala, chifukwa ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri koposa, komanso ndi khungu lochizika. Kumbuyo kwa mwana wa diso kuli kagalasi kachilengedwe kamene kamasonkhanitsa kuwala, ndipo ukalamba, nthenda ya shuga kapena kuvulala zimakachititsa kuti kachite mbuu, monga mmene galasi la nyali limadera ndi utsi, kungoti la m'diso silipukutika. Palibe mankhwala odonthezera amene angakayeretse. Njira yokhayo ndi kukachotsa ndi kuikapo kena kapulasitiki, luso limene linayamba mu 1949 ku London ndi dokotala Harold Ridley, ataona kuti tizidutswa ta pulasitiki timene tinalowa m'maso mwa oyendetsa ndege za nkhondo tinkakhalamo popanda kuyambitsa kutupa.

Chovuta pa opaleshoniyi n'chakuti kagalasi ka m'diso kamakhala m'kathumba kopyapyala kwambiri kuposa tsitsi, ndipo dokotala ayenera kutulutsa kagalasiko koma kathumbako n'kukasiya kalikonse bwino, chifukwa ndi mmene kagalasi katsopano kamakhala. Zili ngati kutulutsa mtedza m'kachikopa kake kofiira koma kachikopako osakang'amba kumbuyo, ndipo zonsezi zikuchitika pansi pa maikulosikopu, wodwala ali maso, atangobayidwa jakisoni wochititsa dzanzi. Katswiri wozolowera amamaliza m'mphindi zosapitirira 20, koma kuti manja afike pamenepo pamapita zaka.

Telala wanzeru sapereka nsalu ya kasitomala kwa wophunzira tsiku loyamba, ndipo ndi chimodzimodzi kuno. Masukulu ambiri a maso masiku ano amayamba kuphunzitsa pa maso a ziweto, pa maso opangidwa ndi pulasitiki, ngakhalenso pa zipatso: apulo amagwiritsidwa ntchito pophunzira kucheka kanjira kolowera m'diso, ndipo khungu la tomato limathandiza kuzoloweza dzanja kutsegula kathumba kaja. Kafukufuku amene anachitika ndi ophunzira a ku Kenya, Tanzania, Uganda ndi Zimbabwe anaonetsa kuti amene anayamba ndi maphunziro oterewa ankang'amba kathumbako mwa apo ndi apo poyerekeza ndi anzawo. Akafika pa munthu weniweni, wophunzira samupatsa opaleshoni yonse. Amayamba ndi gawo limodzi, mphunzitsi akuyang'ana pa maikulosikopu yomweyo ali wokonzeka kulanda zipangizo, ndipo gawo lina limawonjezeredwa pokhapokha loyamba likakhazikika.

Opaleshoni iliyonse imalembedwa m'buku la wophunzira, pamodzi ndi mmene wodwala akuonera pambuyo pake. Mbali imeneyi ndi imene ine ndimaiona kukhala yofunika kwambiri, chifukwa kuwerenga maso amene achitidwa opaleshoni n'kosavuta, koma chofunika kwa agogo aja ndi chakuti akuonadi kapena ayi. Kwa nthawi yaitali muyezo wa WHO unali wakuti maso 80 mwa 100 alionse afike pa 6/18 kapena kuposa pamenepo, ndipo tsopano muyezowo unakhwimitsidwa kufika pa 6/12. Nthambi ya pa yunivesite imazoloweza ophunzira kubweretsa zotsatira zawo, zabwino ndi zoipa zomwe, pamaso pa anzawo kuti zikambidwe.

Diso ndi malungo a mu ubongo

Kafukufuku amene anatchukitsa Blantyre pakati pa akatswiri a maso sanali wa matenda a maso kwenikweni. Anali wa malungo aakulu amene amakomola ana. Vuto limene madokotala a ana anali nalo linali lakuti kumadera kumene malungo ndi ochuluka, ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi koma osadwala. Choncho mwana akafika ali chikomokere, magazi ake n'kupezeka ndi tizilomboto, si umboni wokwanira wakuti malungo ndiwo amukomola. Mwina n'chinthu china, ndipo tizilomboto tangopezekapo monga munthu wodutsa amene wapezeka pamalo pamene pachitika ngozi.

Yankho linachokera kumbuyo kwa diso. Kumeneko kuli kansalu kopyapyala kotchedwa retina, komwe kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Mwana akamaumbika m'mimba, retina imaphuka kuchokera ku ubongo womwewo, ndipo timitsempha take ta magazi timafanana ndi ta ubongo. Ndi malo okhawo pamene dokotala angaone timitsempha totere ndi maso ake mwa munthu wamoyo popanda kung'amba paliponse. Mu 1993 dokotala wa maso Susan Lewallen, pogwira ntchito ndi Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo ku Gulupu, anafalitsa zimene ankaona m'maso mwa ana okomoka ndi malungo. Ntchito imeneyi itapitirira, mothandizana ndi akatswiri a ku Liverpool monga Nicholas Beare, zizindikiro zinadziwika bwino: timadontho toyera pa retina, timitsempha tosintha mtundu kukhala toyera kapena tachikasu, ndi timadontho ta magazi otayika tokhala ndi kadontho koyera pakati. Chimayambitsa zimenezi n'chakuti maselo ofiira a magazi amene alowedwa ndi tizilombo amamatirira m'makoma a timitsempha n'kutsekereza magazi, ndipo zimene zikuoneka m'diso ndi zomwe zikuchitikanso mu ubongo.

Umboni wamphamvu unabwera mu 2004 kuchokera ku kafukufuku wowawa, woyeza matupi a ana amene anamwalira, makolo awo atavomereza. Mwa ana 31 amene madokotala ankakhulupirira kuti aphedwa ndi malungo a mu ubongo, 7 anapezeka kuti anafa ndi matenda ena, ndipo chizindikiro chimene chinkasiyanitsa bwino magulu awiriwa anawo ali moyo chinali cha m'maso. Tanthauzo lake pa wodi ya ana ndi lalikulu. Mwana wokomoka amapatsidwabe mankhwala a malungo mwamsanga, koma ngati kumbuyo kwa diso kulibe zizindikirozi, dokotala amadziwa kuti ayenera kufunafuna mwakhama chifukwa china. Ofufuza mankhwala atsopano a malungo amagwiritsanso ntchito njirayi kuti atsimikize kuti ana amene akuwayeza ali ndi nthenda imene akuifufuzadi.

Kuchoka m'chipatala kupita kumidzi

Mtundu wina wa kafukufuku ndi wowerenga anthu. Amene amafika kuchipatala ndi okhawo amene apeza ndalama yoyendera ndi womuperekeza, kotero kaundula wa chipatala sanena zoona zonse. Ofufuza amasankha midzi mwa maere n'kuyeza anthu khomo ndi khomo, monga mmene mayi amatakasira ndiwo n'kulawa supuni imodzi kuti adziwe mchere wa mumphika wonse. Kafukufuku wotere amene anachitika kuchigawo chakummwera cha m'ma 2010, motsogozedwa ndi katswiri wa maso Khumbo Kalua, anapeza kuti pafupifupi anthu atatu mwa 100 alionse a zaka 50 kupita m'tsogolo anali osaona, ndipo pafupifupi theka la iwo chifukwa chake chinali ng'ala.

Njira yomweyi ndi imene inagwira ntchito pa trachoma, nthenda yopatsirana kudzera m'manja, nsalu ndi ntchentche zotera pa manthongo, imene ikabwerezabwereza imapinda chikope mpaka nsidze zimayamba kukanda diso. Maboma anayezedwa limodzi ndi limodzi, ndipo kumene nthendayi inali yochuluka kunagawidwa mankhwala a azithromycin kwa anthu onse, kunachitika maopaleshoni a zikope, komanso kunalimbikitsidwa kusamba kumaso, madzi abwino ndi zimbudzi. Mu September 2022 bungwe la WHO linatsimikiza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri, ndipo linali dziko loyamba kummwera kwa Africa kufika pamenepo. Mawuwa sakutanthauza kuti palibe wodwala ngakhale mmodzi, koma kuti m'boma lililonse ana a zaka 1 mpaka 9 okhala ndi zizindikiro za nthendayi atsika kusafika pa 5 mwa 100 alionse, ndipo akuluakulu opindika zikope amene sanathandizidwe atsala ochepa zedi.

Kafukufuku satulutsa yankho losangalatsa nthawi zonse. Ofufuza za trachoma ku Ethiopia ataona kuti imfa za ana zinkachepa m'midzi yolandira azithromycin, funsolo linayesedwa mwadongosolo ku Niger, Tanzania ndi ku Mangochi. Zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti imfa zinatsika ndi 13.5 peresenti maiko onse atatu akaphatikizidwa, koma phindu lalikulu linali ku Niger. Ku Malawi kutsikako kunali 5.7 peresenti yokha, kochepa moti ofufuza sakanatha kutsimikiza kuti sikunangochitika mwamwayi.

Pepala lopempha chilolezo

Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga komiti ya pa yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences kapena National Health Sciences Research Committee ya boma. Pepala limene wodwala amapatsidwa liyenera kufotokoza m'chilankhulo chimene akumva cholinga cha kafukufuku, zimene adzachitidwe ndi zoopsa zimene zingakhalepo. Munthu ali ndi ufulu wokana, kapena wotuluka pakati pa kafukufuku, ndipo chithandizo chake sichiyenera kusintha chifukwa cha kukanako. Ali ndi ufulunso wofunsa dzina ndi udindo wa amene akumuyeza kapena kumuchita opaleshoni. Ophunzira a MMed amadutsanso m'komiti yomweyi, pakuti aliyense amayenera kuchita kafukufuku wakewake asanalandire digiri.

Pamene akatswiri amasiyana maganizo

Pali nkhani zimene anthu a m'ntchitoyi sanamvanebe. Yoyamba ndi ya ma clinical officer amene amaphunzitsidwa kuchita opaleshoni ya ng'ala. Ena amati popanda iwo okalamba a m'maboma akutali adzafa ali osaona podikira katswiri, pamene ena amati ndalama zomwezo zikanapita pophunzitsa madokotala ambiri, amene angathenso kuthana ndi glaucoma, nthenda yowononga mtsempha wa diso mwakachetechete, komanso kuwonongeka kwa retina chifukwa cha shuga, khansa ya m'maso mwa ana ndi zotupa za pamwamba pa diso zimene zimachuluka mwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Mbali zonse ziwiri zimavomereza kuti wochita opaleshoni aliyense sapindula kanthu ngati alibe maikulosikopu yogwira ntchito, timagalasi toika m'maso ndi anamwino omuthandiza.

Yachiwiri ndi ya ndalama za kafukufuku, zomwe zambiri zimachokera kunja. Mgwirizano ndi mayunivesite akunja wabweretsa makamera ojambula retina, maphunziro apamwamba kwa Amalawi ndi zotsatira ngati zija za malungo. Komabe ena amafunsa kuti amasankha funso loti lifufuzidwe ndani, ndipo dzina loyamba pa nkhani yosindikizidwa limakhala la yani. Yachitatu ndi ya nthawi. Ola limene dokotala wathera pophunzitsa kapena pofufuza ndi ola limene mzere wa odwala sukuyenda, ndipo opaleshoni ya wophunzira imatenga nthawi yaitali kuposa ya mphunzitsi wake. Woyang'anira nthambi amayenera kuganizira odwala amene agona pa wodi kudikira opaleshoni ya mawa, pamodzi ndi wophunzira wa chaka chachinayi amene ayenera kukwanitsa chiwerengero cha maopaleshoni m'buku lake asanatumizidwe ku Zomba, Lilongwe kapena Mzuzu, kumene mwina adzakhala katswiri yekhayo m'chipinda cha opaleshoni.